Cairo kapena Marrakech: yambani mwawerenga masiku ndi madola

Akonzi,

Tiloleni tiyankhe kudzera m'nyuzipepala yanu funso limene tikulimva pafupipafupi kuno ku Mzuzu: munthu wasunga kandalama koti akaone kunja pa tchuthi, apite ku Cairo m'dziko la Egypt kapena ku Marrakech m'dziko la Morocco? Ofunsa ambiri ndi aphunzitsi, anamwino, amalonda ndi makolo opuma pantchito, anthu oti ulendo wotere adzauyenda kamodzi kapena kawiri moyo wawo wonse, ndipo ndalama yake achita kuitolera kwa zaka. Zimatiwawa kuona ndalama yotere ikuthera m'njira chifukwa munthu wasankha potengera zithunzi za pa Facebook. Ife amene timathandiza anthu kukonza maulendo yankho lathu ndi ili: ngati ndi ulendo wanu woyamba, muli ndi sabata imodzi yokha, ndipo madola ndi owerengeka, pitani ku Cairo. Marrakech ndi mzinda wokoma, ndipo munthu amapumulako bwino kuposa ku Cairo, koma kwa wochokera kuno umafuna masiku 10 kapena kuposerapo, ndiponso thumba lolemererako.

Ena amati angopita konse kuwiri, poti mizinda yonse ili kumpoto kwa Africa. Mapanga awiri avumbwitsa. Pakati pa mizindayi pali makilomita pafupifupi 3,700, ndipo ndege yochoka ku Cairo kupita ku Casablanca, mzinda waukulu wa ku Morocco, imakhala m'mwamba maola oposa 5. Ndi maiko awiri, viza ziwiri, ndalama zamitundu iwiri. Wa sabata imodzi akayesa zimenezi, masiku anayi amathera pamabwalo a ndege.

Ulendo umayambira pa depoti ya Mzuzu, osati mundege. Bwalo la ndege la Kamuzu lili ku Lumbadzi, mtunda wa makilomita pafupifupi 350 kuchokera kuno, ndipo wochokera kumpoto amalipeza asanalowe mumzinda wa Lilongwe. Musanyamuke kuno tsiku la ndege. Chifunga cha ku Chikangawa, thiraki yogwa pamsewu wa M1 kapena basi yofera ku Jenda n'zokwanira kukuphonyetsani tikiti ya madola mazana ambiri, ndipo pabwalo mumayenera kufika kutatsala maola atatu. Kagoneni ku Lilongwe kapena ku Lumbadzi. Popita tsiku limodzi, pobwera lina: pa tchuthi chanu chotsanipo kale masiku awiri amenewa.

Kusiyana kwenikweni kwa mizinda iwiriyi kuli panjira ya ndege. Wopita ku Cairo amasintha ndege kamodzi. Ya Ethiopian Airlines imatenga maola pafupifupi 4 kuchoka ku Lilongwe kukafika ku Addis Ababa, ndi enanso pafupifupi 4 kukatera ku Cairo, kawirikawiri pakati pa usiku. Njira ina ndi yodzera ku Nairobi. Wopita ku Marrakech nthawi zambiri amasintha kawiri, kudzera ku Cairo komweko, ku Doha, ku Dubai kapena ku Istanbul, ndipo matikiti ambiri amathera ku Casablanca, komwe amakakweranso sitima ya pamtunda maola pafupifupi atatu. Sitimayo ndi yabwino ndipo siteshoni ili pansi pa bwalo la ndege pomwepo, koma mumakasintha mumzinda wa Casablanca, muli ndi masutikesi komanso tulo ta masiku awiri. Pali msampha wina umene wagwetsa ambiri. Pa intaneti mumaona mtengo wotsika wodzera ku Paris kapena ku Madrid, osadziwa kuti ndi matikiti awiri osiyana omwe angowalumikiza. Matikiti akakhala osiyana, mumayenera kutuluka, kutenga katundu ndi kulowanso, zomwe zimafuna viza ya Schengen, yolowera m'maiko ambiri a ku Ulaya. Wopanda vizayo amabwezedwa akadali ku Lilongwe. Gulani tikiti imodzi ya ulendo wonse, katundu alembedwe mpaka komwe mukupita.

Mwini pasipoti ya Malawi atenge viza asananyamuke, kaya akupita ku Egypt kaya ku Morocco. Zimene mumawerenga zoti viza amangogula pabwalo la ndege zinalembedwa ndi anthu a mapasipoti a ku Ulaya ndi ku America. Morocco inayambitsa viza ya pa intaneti mu 2022, koma ndi ya nzika za maiko osankhika, kapena anthu amene ali kale ndi viza ya maiko monga United Kingdom, America kapena a Schengen. Egypt ili ndi ofesi ya kazembe ku Lilongwe. Konzani pasipoti yoti idzakhalabe ndi moyo miyezi 6 kuchokera tsiku lofika, zithunzi, sitetimenti ya kubanki, kalata ya kuntchito kapena mapepala a bizinesi, umboni wa hotela ndi wa ndege yobwerera. Ngati pasipoti yatsala pang'ono kutha, yambirani ku ofesi ya Immigration kuno ku Mzuzu miyezi ingapo ulendo usanafike. Ndipo musalipire tikiti yosabweza ndalama viza isanatuluke. Pemphani ogulitsa matikiti akusungireni malo ndi kukupatsani pepala, mudzalipire viza ili m'manja.

Tinene poyera chinthu chimene ena amachita nacho manyazi. Maiko onse awiriwa ndi njira ya anthu ofuna kuwolokera ku Ulaya mozemba, choncho munthu wakuda wa pasipoti ya kuno akhoza kufunsidwa mafunso ambiri pachipata kuposa mzungu amene ali patsogolo pake. Musakwiye. Khalani ndi mapepala osindikiza m'manja: tikiti yobwerera, dzina ndi adiresi ya hotela, kalata ya kuntchito. Foni imatha moto, ndipo pamzere pamakhala palibe intaneti. Muli ndi kabuku kachikasu ka katemera wa yellow fever? Ku Malawi kulibe matendawa, koma Ethiopia ndi Kenya ali pamndandanda wa maiko omwe aliko, ndipo Egypt imafuna kabukuka kwa amene wakhala pabwalo la ndege la dziko lotero maola oposa 12. Ndege ikangochedwa, lamuloli lakukhudzani. Katemerayu amayamba kuwerengedwa patatha masiku 10 mutabayitsa, ndipo kubaya kamodzi n'kwa moyo wonse.

Tsopano nkhani ya ndalama, imene kwa Mmalawi ndiyo mutu weniweni. Kwacha sasintha kulikonse kumeneko, ndipo tonse tikudziwa mmene ndalama zakunja zikuvutira m'mabanki mwathu. Pitani kubanki msanga ndi pasipoti, viza ndi tikiti. Madola akhale atsopano, osang'ambika, osalembedwalembedwa, chifukwa osintha ndalama amakana akale. Koma madola a m'thumba okha sakwanira ku Cairo. Kuyambira mu 2023 malo akuluakulu a zinthu zakale ku Egypt, kuphatikizapo mapiramidi, amalandira khadi yokha pogulitsa matikiti. Uzani banki yanu kuti khadi ya Visa kapena Mastercard idzagwira ntchito kunja, ndipo funsani malire a ndalama zimene mungagwiritse ntchito pamwezi. Khadi ikakana, hotela kapena wolondolera alendo wa chiphaso akhoza kukugulirani tikiti inu n'kumubwezera ndalama. Ndalama ya Egypt, paundi, inagwa kwambiri mu Marichi 2024 mpaka dola imodzi kumasintha pafupifupi mapaundi 50, ndiye chakudya, galimoto ndi malo ogona n'zotsika mtengo kwa wobwera ndi madola, ngakhale matikiti a alendo amakwera kawirikawiri ndipo ndi okwera kuposa a eni dziko. Dirham ya Morocco ndi yolimba, imayenda pa 9 kapena 10 pa dola. Marrakech imadzaza ndi anthu a ku Ulaya amene amafikako pa maola atatu okha ndi ndege zotchipa, ndipo mitengo ya kumeneko imatsata matumba awo, osati athu. Ma dirham otsala asintheni musanatuluke m'dzikolo, kuno palibe adzawalandire.

Pachilankhulo Cairo ndi yopepukanso kwa ife. Kuwonjezera pa Chiarabu, a ku Egypt amalankhula Chingerezi, pomwe a ku Morocco amalankhula Chifalansa. M'misika ya alendo ku Marrakech Chingerezi chimamveka, koma pasiteshoni, kufamase ndi kwa oyendetsa matakisi mudzavutikako. Ku Cairo chovuta ndi manambala. Mitengo ya m'masitolo ang'onoang'ono ndi manambala a galimoto amalemba m'zilembo za Chiarabu, momwe 5 amaoneka ngati kamzere kozungulira, pomwe 0 ndi kadontho chabe. Phunzirani manambala 10 amenewa mundege, ndi ntchito ya theka la ola, ndipo idzakuthandizani kuzindikira galimoto imene mwaitana pa Uber, njira yoitanira takisi pafoni. Ku Morocco manambala ndi omwe timalemba kunowa.

Cairo pamodzi ndi madera ozungulira ili ndi anthu oposa 20 miliyoni, pafupifupi Amalawi tonse titaunjikana mumzinda umodzi. Kuli phokoso, fumbi ndi mahutala usana ndi usiku, ndipo wozolowera bata la ku Katoto kapena ku Chimaliro amatopa nazo tsiku lachiwiri. Mankhwala ake ndi kusankha bwino pogona. Gonani masiku awiri oyamba ku Giza, pafupi ndi mapiramidi, kenako musamukire pakati pa mzinda kapena ku Zamalek, chilumba cha pa mtsinje wa Nile. Mukatero simuwoloka mzinda wonse kawiri patsiku. Poti mudzafika usiku, lipiranitu hotela usiku umenewo ndipo muwauze atumize galimoto. Masiku enawo gwiritsani ntchito Uber kapena Careem, mtengo umaoneka pafoni ndipo palibe kukangana. Pali sitima ya pansi panthaka, yoyamba mu Africa muno, imene inatsegulidwa mu 1987. Ndi yotchipa, yothamanga, ndipo ili ndi mabogi a amayi okhaokha. Powoloka msewu musadikire kuti galimoto ziime. Imani pambali pa eni mzinda, muwoloke nawo limodzi osathamanga komanso osabwerera m'mbuyo.

Kumapiramidi fikani geti likungotsegulidwa, dzuwa lisanakwere ndiponso mabasi a alendo asanafike. Piramidi yaikulu ya mfumu Khufu inamangidwa zaka pafupifupi 4,500 zapitazo, inali yotalika mamita 146, ndipo lero yatsala pafupifupi 138 chifukwa nsonga ndi miyala yakunja inachoka. Pambali pake pali ya Khafre ndi ya Menkaure, ndipo kumunsi kuli chifanizo cha Sphinx, mkango wa mutu wa munthu. Kulowa m'kati mwa piramidi yaikulu kumafuna tikiti ina yapadera. Ganizani bwino musanaigule: mumakwera mowerama m'kanjira kopapatiza, kotentha ndi kochepa mpweya, ndipo kumapeto mumapeza chipinda chopanda zojambula, muli bokosi la mwala lopanda kanthu. Odwala msana, mawondo, mphumu kapena BP asalowe, sataya kanthu. Tikiti ya pageti ikakhala m'manja, musaipereke kwa aliyense woima m'njira amene akuti ndi woyang'anira. Wa ngamira mugwirizane naye zonse musanakwere: mtengo, mtundu wa ndalama, mphindi zingati, ndiponso kuti kutsika kuli m'mtengo womwewo, chifukwa ena amatchula mtengo wokwerera wokha, ndipo ngamira ndi yaitali moti simungadumphe. Wokupatsani kanthu n'kumati ndi mphatso, musalandire. Kukwera pamwamba pa piramidi ndi mlandu. Ngati mphamvu zilipo, chitani hayala galimoto masana mupite ku Saqqara, makilomita pafupifupi 30 kumwera kwa mzinda, komwe kuli piramidi ya masitepe ya mfumu Djoser, yakale kuposa za ku Giza, ndi manda okhala ndi zojambula za alimi, asodzi ndi ng'ombe zimene Mmalawi aliyense angazizindikire.

Nyumba zosungiramo zinthu zakale zilipo zitatu zikuluzikulu, ndipo anthu amazisokoneza. Grand Egyptian Museum, pafupi ndi mapiramidi, inatsegulidwa mwalamulo pa 1 Novembala 2025, ndipo ndi komwe kuli chuma cha mfumu Tutankhamun, zinthu zoposa 5,000 zimene Howard Carter anazipeza m'manda mu 1922. Ipatseni theka la tsiku, osachepera. Mitembo youmika ya mafumu, kuphatikizapo Ramses II, siili kumeneko: mu Epulo 2021 mitembo 22 inasamutsidwira ku National Museum of Egyptian Civilization ku Fustat. Nyumba yakale ya pa Tahrir, ya mu 1902, ikadali yotsegula. Wa masiku ochepa asankhe ziwiri zoyambazo.

Chimene chimatipangitsa kukankhira anthu a kuno ku Cairo kwenikweni ndi chakuti ambiri timapita tikudziwa kale kanthu za dzikolo. Ndi Aigupto yemwe uja wa ku Sande sukulu. Kwerani sitima ya pansi panthaka ija mutsikire pa siteshoni ya Mar Girgis, ndipo mukangotuluka muli m'dera la matchalitchi akale a Akhristu achikoputi. Pali Hanging Church, yomangidwa pamwamba pa chipata cha linga la Aroma, ndi tchalitchi cha Abu Serga, chimene pansi pake pali kachipinda komwe mwambo wa kumeneko umati Yosefe, Mariya ndi mwana Yesu anabisala pothawa Herode. Chapafupi pali sunagoge wa Ben Ezra ndi mzikiti wa Amr ibn al-As, woyamba m'dziko la Egypt. Abale athu achisilamu adzafuna kupemphera ku Al-Azhar, mzikiti wa zaka zoposa 1,000 womwe sukulu yake imadziwika ndi mashehe athu kuno. Mizikiti yambiri yakale ya ku Cairo imalola aliyense kulowa nthawi yomwe si ya mapemphero, bola avule nsapato, avale modzilemekeza, ndipo mayi afunde kumutu. Chitenje chimodzi m'chikwama chimathetsa nkhaniyi. Ku Morocco si choncho. Yemwe si Msilamu salowa mumzikiti, kupatula wa Hassan II ku Casablanca, ndiye nsanja yotchuka ya Koutoubia ku Marrakech, ya mamita 77, ambiri adzaionera panja.

Nanga Marrakech ndi ya yani? Ndi ya munthu amene sakufuna kuthamangitsana ndi mndandanda wa zoona, koma kuyenda pansi, kudya, kugula ndi kukhala. Mzindawu unakhazikitsidwa cha m'ma 1070, uli ndi anthu pafupifupi 1 miliyoni, ndipo zambiri zokaona zili m'kati mwa linga la dothi lofiira, mtunda woyenda wapansi. Bwalo la ndege la Menara lili pa makilomita 6 okha. Nyumba yachifumu ya Bahia, mabwinja a El Badi, manda a mafumu a Saadi amene anatulukiridwanso mu 1917, ndi madrasa ya Ben Youssef, zonsezi mukhoza kuziona m'masiku awiri osakwera galimoto. Munda wa Majorelle uli kunja kwa linga, ndipo matikiti ake amagulidwa pa intaneti, a ola lake. Wongofika pageti amabwerera. Madzulo aliwonse bwalo la Jemaa el-Fna limadzaza ndi oimba ng'oma, ofotokoza nthano ndi ophika. Achinyamata ambiri a kuno anayamba kuliganizira dziko la Morocco kuchokera pa masewero aja a mu Januwale 2022 ku Cameroon, pomwe Gabadinho Mhango anawachinya chigoli cha patali ngakhale Flames inagonja 2-1. Chidwi chimenecho n'chabwino, koma dziwani kuti mukaona mzinda wa misika ndi minda, osati wa zodabwitsa zazikulu ngati mapiramidi.

Mavuto a ku Marrakech ndi a m'tinjira. Alendo ambiri amagona mu riad, nyumba yakale yokhala ndi bwalo pakati, ndipo n'zokongoladi. Koma galimoto sifika pakhomo. Takisi imakusiyani pachipata cha linga, kwatsalako mumayenda m'tinjira tokhotakhota topanda zikwangwani, momwe mapu a pafoni amasokonezeka. Lemberani eni nyumba kuti munthu wawo adzakuchingamireni pachipata, makamaka ngati mukufika usiku. Funsaninso za masitepe ngati muli ndi gogo kapena mwana wamng'ono, ndiponso ngati chipinda chili ndi chotenthetsera. Mnyamata akakuuzani kuti njira imene mukupita yatsekedwa, kapena kuti lero kuli msika wapadera wa zikopa, musamutsatire. Akukutengerani kusitolo ya mnzake ndipo pamapeto adzafuna malipiro. Mukasokera funsani mwini sitolo amene wakhala m'sitolo mwake. Pa Jemaa el-Fna musalole mayi wojambula m'manja ndi utoto wa hena akugwireni dzanja musanamve mtengo, ndipo kujambula njoka kapena anyani n'kolipira. Njinga zamoto zimadutsa m'tinjira momwemo kuposa akabaza a pamsika wa Mzuzu. Mukamva "balak", kutanthauza chenjerani, patukani. Takisi yaing'ono imanyamula anthu atatu okha, choncho banja la anthu anayi likufunika ziwiri, ndipo muuzeni woyendetsa ayatse mita musanakhale pansi. Kunenerera mtengo ndiye sitingakuphunzitseni, aliyense wogula ku Taifa amakudziwa. Ingoyambirani pansi pa theka la mtengo woyamba, ndipo musatchule mtengo wa chinthu chomwe simukufuna kugula.

Cholakwika chachikulu cha opita ku Marrakech ndi kuganiza kuti chipululu cha mchenga chili kuseri kwa mzinda. Milu ya mchenga imene mumaiona pazithunzi ili ku Merzouga, makilomita oposa 500, ulendo wa maola 9 kapena 10 pagalimoto, kudutsa mapiri a Atlas pa Tizi n'Tichka, pamtunda wa mamita 2,260, pamsewu wokhotakhota kuposa wa Chiweta. Kupita ndi kubwera ndi masiku atatu. Apa ndi pomwe pachokera masiku 10 aja. Agafay, yomwe amaitsatsa ngati chipululu chapafupi, ndi ya miyala. Okonda mapiri ali ndi Toubkal, lalitali mamita 4,167, kuposa Sapitwa wathu wa mamita 3,002. Amakwera masiku awiri kuchokera m'mudzi wa Imlil, ndipo salola kukwera popanda wolondolera. Dera limeneli ndi lomwe linagwedezeka ndi chivomezi cha pa 8 Seputembala 2023 chimene chinapha anthu pafupifupi 3,000, ndiye kulemba ntchito wolondolera wa m'mudzimo ndi kugona kwa eni dera n'kuthandiza anthu amene akumanganso. Wofuna mphepo ya kunyanja apite ku Essaouira, maola atatu pabasi. Wa ku Cairo naye ali ndi Alexandria, maola pafupifupi atatu pasitima, koma Luxor, komwe kuli manda a mafumu, ndi kutali makilomita oposa 600. Musaiike m'sabata imodzi pokhapokha mutakwera ndege.

Nyengo ya kumeneko ndi yotembenuza ya kuno. Juni, Julayi ndi Ogasiti, pomwe ife tikuotha moto, kumeneko ndi ng'anjo: Cairo imapitirira madigiri 35, Marrakech imafika 40 ndi kuposa, kutentha koposa kwa Karonga mu Okutobala. Tchuthi chachikulu cha sukulu chimagwera nthawi yomweyi, ndiye aphunzitsi ndi makolo achenjere. Disembala ndi wabwino ku Cairo, masana kofunda bwino, usiku kozizira. Ku Marrakech usiku wa Disembala ndi Januwale umatsika kufika madigiri 5 kapena 6, ngati Mzuzu mu Julayi, choncho jekete lanu lija litengeni. Miyezi yokoma konse kuwiri ndi Okutobala, Novembala ndi Marichi, kungoti ku Cairo kuyambira Marichi mpaka Meyi kumawomba nthawi zina mphepo ya fumbi yotchedwa khamsin, yovuta kwa a mphumu. Onaninso kalendala ya Ramadan, imene chaka chilichonse imabwera msanga ndi masiku pafupifupi 11. M'mwezi umenewo malo ambiri odyera amatseka masana, malo okaona amaweruka msanga, ndipo kudya kapena kumwa pamsewu anthu akusala n'kupanda ulemu. Ku Egypt masiku opuma ndi Lachisanu ndi Loweruka, ndiye mabanki ndi maofesi amatsegula Lamulungu.

Nsima kulibe konse kuwiri, vomerezani zimenezo musananyamuke. Ku Cairo chokhutitsa ndi chotchipa ndi koshari, mpunga wosakaniza ndi makaroni, mphodza, tomato ndi anyezi wokazinga, komanso ful, nyemba zophika zodyera buledi m'mawa. Ku Marrakech ndi tajine, nyama kapena nkhuku yophikidwa pang'onopang'ono ndi masamba mumphika wadothi, ndi couscous wa Lachisanu. Idyani pomwe eni mzinda adzaza, chakudya chikuchoka pamoto. Imwani madzi a m'botolo, malita atatu patsiku mukamayenda padzuwa, ndipo nyamulani mapaketi a ORS, chifukwa kutsegula m'mimba ndiko kumaononga tchuthi cha ambiri. Chinthu china chimene mabuku a azungu sanena ndi malungo. Maiko awiriwa anathana nawo. Bungwe la WHO linatsimikizira Morocco mu 2010 ndi Egypt mu 2024. Ubwino wake ndi woti simukawatenga kumeneko. Kuipa kwake ndi koti mukhoza kunyamuka nawo m'magazi kuchokera ku Nkhata Bay kapena kuno, n'kukadwala muli kumene dokotala sawaganizira msanga ndipo mankhwala ake sapezeka pafamase iliyonse. Kayezetseni sabata yonyamuka, pemphani adokotala akulembereni LA woti munyamule, ndipo mukatentha thupi kumeneko nenani nokha kuti mwachokera kudziko la malungo. Ma ARV, mankhwala a shuga ndi a BP akhale m'chikwama cha m'manja, m'mabotolo ake, ndi kalata ya dokotala. Tramadol ndi mankhwala okhala ndi codeine musapite nawo ku Egypt popanda kalata yotero, anthu amamangidwa nawo.

Zing'onozing'ono zotsala ndi izi. Masoketi a maiko onse awiri ndi a mabowo awiri ozungulira, ndiye pulagi yathu ya mano atatu silowa. Gulani adaputa musanapite. Simu khadi gulani pabwalo la ndege ndi pasipoti, Vodafone kapena Orange ku Egypt, Maroc Telecom, Orange kapena Inwi ku Morocco. Kandege kojambulira kasiyeni kunyumba, amalanda konse kuwiri, ndipo musajambule apolisi, asilikali kapena nyumba za boma. Ku Cairo sungani timapaundi tating'ono ta baksheesh, kandalama kothokozera wonyamula katundu, wosunga nsapato pamzikiti ndi wa kuchimbudzi. Usiku womaliza gonani mumzinda womwe ndege yanu ikunyamukira: wa ku Cairo agone chakufupi ndi bwalo, wa ku Marrakech amene tikiti yake ikuyambira ku Casablanca akwere sitima dzulo lake. Ndipo musiye makwacha okwanira basi ya ku Mzuzu m'kathumba ka pasipoti, chifukwa mudzatera ku Lumbadzi madola atatha.

Ndife owerenga anu,
Othandiza za maulendo,
Mzuzu